Kompyuta ya Ababa ndi Mizere ya Express

Kunyumba kwathu ku Luchenza kuli kompyuta yomwe inapangidwa ife tisanabadwe. Ababa anaigula tili Sitandade 3, pomwe ofesi ina mu Blantyre inkagulitsa katundu wake wakale, ndipo pa nthawiyo n'kuti itatumikira kale eni ake zaka zambiri. Ndi Dell yakuda, yolemera, ndipo patsogolo pake pali kachizindikiro kofwifwa kolembedwa Pentium 4. Imakhala pabalaza, patebulo la pakona, yofunditsidwa nsalu yoluka ya amayi. Ukaiyatsa, fani yake imalira ngati chigayo cha kutsidya.

Ababa ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwa zaka 12 akhala akulembera pa kompyutayi mayeso a kalasi yawo, mndandanda wa mamakisi, komanso makalata oitanira ukwati omwe anthu a m'dera lathu amawapempha. Akamaliza amaika pa fulashi n'kukasindikiza kumsika. Chibwerereni m'nyumba mwathu, makinawa anali asanalawepo intaneti, ndipo panalibe wodandaula.

Zinthu zinasintha pa tchuthi cha Disembala chapitachi. Amalume athu omwe amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi rauta, ija yolowetsa simukhadi ngati foni n'kumagawira intaneti nyumba yonse. Mafoni onse analumikizika tsiku lomwelo. Koma mchemwali wathu wamng'ono ali Fomu 4 ndipo alibe foni yakeyake. Amabwereka ya amayi, yomwe galasi lake linasweka pakati. Mapepala a mayeso akale ankawawerenga akukulitsa ndi zala, mzere umodziumodzi, mpaka wina aimbe kufuna amayi. Ndiye madzulo ena ababa anavundukula nsalu ija n'kutiyang'ana.

"Inu a kukoleji, tatilumikizirani iyi. Mwanayu aziwerengera pagalasi lalikulu."

N'kuti titangomaliza kumene kosi ya kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta pophunzitsa, ndipo tinakhoza bwino. Tinayankha kuti mawa lomwe zikhala zitatheka. Zinatenga masabata atatu.

Choyamba tinasakasaka wifi pa kompyutayo. Tinatsegula paliponse, koma dzina la rauta silinaoneke. Makompyuta a patebulo a nthawi imeneyo sankabwera ndi wifi, chifukwa ankawapangira maofesi momwe zonse zinkayenda pa chingwe. Tinakabwereka kwa mnzathu kachipangizo kakang'ono ngati chala, kolowetsa pa USB, komwe kamapatsa kompyuta wifi. Titakalowetsa, Windows inalira kuti yaona chinthu chatsopano, kenako n'kunena kuti sikuchidziwa. Chipangizo chilichonse chimafuna pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver, yomwe imamasulira pakati pa chipangizocho ndi Windows. Titawerenga pa paketi tinapeza kuti ka mnzathuyo kanali ka Windows 10 ndi 11. Ya ababa ili ndi Windows 7. Tinakabweza mwakachetechete.

Usiku umenewo tinathawira pa YouTube. Mavidiyo ambiri omwe tinapeza anali a ku America, ndipo aliyense ankangoti cable, cable. Ankaonetsa chingwe chobulungira, cha kawaya kamodzi pakati, chomwe amachimanga mopotokola kumbuyo kwa kabokosi. Tinachizindikira msanga: chinali chofanana ndi chingwe chotsika pa dishi ya kanema wathu. Kutacha tinachimasula pa dikoda n'kuyamba kufunafuna pochilowetsa kumbuyo kwa kompyuta. Palibe bowo lomwe linavomera. Ababa anaphonya nkhani za masana tsiku limenelo, ndipo sananene kanthu.

Patapita masiku ndi pomwe tinamvetsa chomwe chinatisokoneza. Ku America ndi maiko ena, nyumba zambiri zinali zitalumikizidwa kale ndi zingwe za kanema wolipira, ndiye makampani anayamba kutumiza intaneti pa zingwe zomwezo, potsata muyezo wotchedwa DOCSIS womwe unatuluka mu 1997. Koma ngakhale kumeneko, chingwe chobulungiracho sichilowa mu kompyuta. Chimathera pa kabokosi kotchedwa modemu, ndipo pa modemupo pamachoka chingwe china, cha Ethernet, chomwe mutu wake ndi wa pulasitiki woonekera mkati, wa ngodya zinayi, wokhala ndi kamchira kolira kuti tche ukachilowetsa. Kwathu intaneti imabwera mumlengalenga kuchokera pa nsanja ya mafoni, kwawoko imabwera pa chingwe cha kanema, koma gawo lomaliza, lochoka pa kabokosi kufika pa kompyuta, ndi limodzi. Kumbuyo kwa rauta ya amalume kunali mabowo anayi achikasu a mtundu umenewu. Kumbuyo kwa kompyuta ya ababa kunali limodzi, lodzaza fumbi. Chingwe chakenso chinali mu katoni ya rauta nthawi yonseyi. Anachipeza ndi mchemwali wathu, tsiku lomwe amayi ankafuna katoniyo kuti azisungiramo mazira.

Tinapukuta bowolo, tinalowetsa chingwe, chinalira tche mbali zonse ziwiri. Pa bowo la Ethernet pamakhala tinyali tiwiri: kena kamayaka kusonyeza kuti zipangizo ziwirizo zamvana, kena kamaphethira uthenga ukamayenda. Pa kompyuta yathu panalibe kanayaka. Apa ndi pomwe tinachitapo chinthu chimodzi chanzeru m'nkhani yonseyi. Tinabwereka laputopu ya aneba yomwe ili ndi bowo lotere, n'kulowetsa chingwe chomwecho, pa bowo lomwelo la rauta. Tinyali tinayaka nthawi yomweyo. Choncho chingwe chinali chabwino, rauta inali yabwino, chakufa chinali bowo la kompyuta. Ababa anakumbukira kuti pogula paja wogulitsa anatchulapo kuti makina ena anakhudzidwa ndi mphenzi. Mphenzi ikagunda pafupi, mphamvu yake imatha kuyenda pa chingwe n'kuwotcha kachigawo ka intaneti kokha, zina zonse n'kutsala zamoyo. Bowo lija linafika kwathu lili lakufa kale, ndipo kwa zaka 12 palibe analifunsa.

Mankhwala ake analipo: kugula kadi ya netiweki, kabolodi kobiriwira kokhala ndi bowo lakelake la Ethernet, kolowetsa mkati mwa kompyuta. Koma kunali kumapeto kwa Disembala, malipiro a ababa atathera ku mbewu ndi fizi. Ndalama yomwe inalipo m'nyumba inali ya amayi, yomwe analandira pogawana ku banki m'khonde, ndipo anaisungira feteleza wobereketsa. Chimanga n'kuti chikufika m'mawondo. Amayi anatiyang'ana nthawi yaitali, analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi ndalama yokulunga pa kansalu.

"Mwatsimikiza kuti chofunika ndi chimenecho?"

"Tatsimikiza, amayi."

Tinakwera minibasi ya ku Limbe. M'sitolo ya zamakompyuta, mnyamata wogulitsa anatifunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, ya PCI kapena ya PCI Express?" Kumbuyo kwathu kunali anthu akudikira. Tinali titavala malaya olembedwa dzina la koleji. Mawu oti "sitikudziwa" anatilemera pakamwa. Tinaganiza za mabasi, kuti ya express ndiye yothamanga, yosaima paliponse. "Express," tinatero, ngati munthu wozolowera. Mnyamatayo sanalakwe kanthu. Anatipatsa chomwe tinapempha, chatsopano, chili m'pulasitiki.

Kompyutayo tinaitsegula koyamba madzulo a tsiku limenelo, kadi ili kale m'manja. Mkati munali fumbi, ukonde wa kangaude, ndi mipata yoyera, uliwonse wautali pafupifupi masentimita 8. Mano a kadi yathu anali aafupi, osakwana masentimita 3, ndipo kampata kake kanali pamalo ena. Mipata yoyerayo ndi PCI, yomwe kampani ya Intel inayambitsa mu 1992. PCI Express inayamba kufala cha m'ma 2004, makina a ababa atapangidwa kale. Maina ndi apachibale, koma ina silowa m'malo mwa inzake. Tinaitembenuza, tinayesa mpata wina, kenako tinayamba kukanikiza ndi chala chachikulu. Ababa anatigwira dzanja.

"Musakakamize. Chokwana chimalowa chokha."

M'makinamo munali mayeso a zaka 12, ndipo bolodi lalikulu likanathyoka, tikanaliranso zina. Pa lisiti panali palembedwa kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Amayi sanakalipe. Anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kupitiriza kusadzula nkhwani. Akanakalipa zikanatipepukira.

Lolemba lotsatira ababa anati tibwerere ku Limbe, ulendo uno limodzi. Tisananyamuke anatiuza kuti tijambule mkati mwa kompyuta ndi foni, komanso tikopere mu kope manambala onse a pa chizindikiro cha kumbuyo. M'sitolo ija sitinalowemo. Anatitengera kuseri kwa msika, pa khonde lina pomwe bambo wachikulire amakonza mawailesi ndi makompyuta atazunguliridwa ndi makatoni a zipangizo zakale. Anayang'ana chithunzicho pang'ono chabe, n'kuyang'ananso kadi yathu.

"Yanuyi ndi ya PCI, aphunzitsi. Apa anakugulitsani ya makina amakono."

"Anasankha okha anyamatawa, bambo," ababa anatero.

Bamboyo anaseka, n'kupisa dzanja mu katoni ina. Anatulutsa kadi yafumbi, ya mano aatali. Pa kachipangizo kakuda ka pakati panali chithunzi cha nkhanu ndi zilembo zoti RTL8139. Nkhanuyo ndi chizindikiro cha kampani ya Realtek ya ku Taiwan, ndipo makadi a mtundu umenewu anafala kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Anavomera kusinthana: iye kutenga yathu yatsopano, ife kutenga yakaleyo ndi kandalama pang'ono pamwamba. Kandalamako sikanakwane n'komwe mtengo wa minibasi wa maulendo awiri aja. Tisanachoke anatipatsa malangizo atatu. Tizule kaye chingwe cha magetsi pakhoma. Tigwire chitsulo cha bokosi tisanagwire kadi, kuti magetsi a m'thupi aja amene amathetheka ukavula juzi atuluke. Ndipo kadiyo tiigwire m'mbali, osati pa mano.

Analowetsa ndi mchemwali wathu, chifukwa manja athu ankanjenjemera. Inalowa mofewa, monga ananenera ababa. Tinamanga sikuluwu, tinalumikiza chingwe, tinayatsa. Windows inaizindikira yokha, osafuna driver wa kwina. Tonse anayi tinazungulira kumbuyo kwa tebulo, kusiya galasi, kukayang'ana kanyali. Kanayaka mobiriwira, kanzake n'kuyamba kuphethira.

Chimwemwecho chinatha titangotsegula tsamba loyamba. Lililonse lomwe tinayesa linkakana, n'kumachenjeza kuti kulumikizanaku n'kosatetezeka. Tinayamba kulankhula za mavairasi, ndipo tikanatha kugulanso china chosafunika. Mchemwali wathu analoza pakona ya galasi, pansi kumanja.

"Achimwene, kodi chaka chino ndi 2003?"

Pa bolodi lalikulu la kompyuta pamakhala batire laling'ono ngati khobidi, lotchedwa CR2032, la mavoti 3, lomwe limayendetsa wotchi makina akazimitsidwa. Lathu linatha kalekale. Ababa akayatsa, kompyuta inkaima n'kuwauza kuti adine F1, ndipo iwo ankayesa kuti umu ndi momwe imayatsidwira. Polemba mayeso, tsiku lolakwika silinkavuta kanthu. Koma masamba otetezeka a pa intaneti amaonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kompyuta imachiyerekeza ndi wotchi yake. Kwa makina okhulupirira kuti tili mu 2003, ziphaso zonse zinali zisanayambe kugwira ntchito. Batirelo tinalipeza kwa wokonza mawotchi pamsika wathu womwewo. Panatsala vuto limodzi: Internet Explorer yomwe inalimo inali yakale kwambiri moti masamba ambiri sinkawatsegula. Chrome inasiya kutulutsira Windows 7 zatsopano itafika pa nambala 109, ndipo Firefox yomaliza ya Windows 7 ndi 115. Tinatsitsa Firefox imeneyo pa foni, n'kuisamutsira mu kompyuta. Usiku umenewo mchemwali wathu anaona tsamba lathunthu la mayeso, chithunzi cha mtima ndi mafunso ake onse pamodzi, osakulitsa ndi zala.

Tisanamizane, kompyutayi sinasanduke yatsopano. Masamba olemera imawatsegula ikupuma, ndipo kanema amadukaduka pokhapokha utatsitsa kuwala kwake. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 7 pa 14 Januwale 2020, choncho tinagwirizana kuti za ndalama ndi za kubanki sizidzachitikira pamenepo. Mitambo ikayamba kuda, amayi ndi amene amakumbutsa kuti tizule zingwe zonse, poti anamva zomwe mphenzi inachita bowo loyamba lija. Rauta tinaisunthira pawindo la kuchipinda komwe netiweki imagwira bwino, ndipo panafunika chingwe cha mamita 15. Chimenecho si vuto, chifukwa chingwe cha Ethernet chimatha kufika mamita 100 uthenga usanafooke.

Titabwerera kuno kusukulu tinawerenga zambiri za Ethernet, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe sichikutichoka m'mutu. Njirayi inayambika mu 1973 ku kampani ya Xerox ku California, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali Robert Metcalfe. Kuyambira pamenepo liwiro lake lakhala likukwera, kudutsa pa mamegabiti 10 pa sekondi, kufika 100, kenako 1000. Rauta ya amalume imatha 1000. Kadi ya nkhanu ija imathera pa 100. Ukazilumikiza, chisanayake kanyali, ziwirizi zimauzana liwiro lomwe chilichonse chingathe, n'kusankha lalikulu lomwe zonse zingakwanitse. Rauta siumirira pa 1000 n'kumadabwa kuti mnzakeyo bwanji sakuyankha. Imafunsa kaye.

Ife sitinafunse. Kosi ija tinakhoza, mayina a zipangizo tinawaloweza, koma bokosi lomwe linali patsogolo pathu tinalitsegula titawononga kale ndalama. Tinakhulupirira mavidiyo a kudziko lina kuposa mabowo a kumbuyo kwa makina athu, ndipo pomwe wogulitsa anatifunsa funso loyenera, tinateteza malaya a koleji m'malo mwa feteleza wa amayi. M'kalasi la njira zophunzitsira amatiuza kawirikawiri kuti phunziro liziyambira pa zomwe wophunzira akudziwa kale. Takhala tikulemba mzere umenewo pa pulani iliyonse ngati mwambo chabe, nthawi zina tisanamuone n'komwe wophunzirayo. Tsopano tikadzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 1, tikudziwa kuti phunziro labwino, latsopano, lotuluka kumene m'pulasitiki, likhoza kukhala losalowa, ndipo vuto silikhala la mwana. Tikudziwanso momwe dzanja limafunira kukanikiza zikatero.

Chaka chamawa ambiri a ife tipita kukayeserera uphunzitsi. Ena mudzapeza m'chipinda chosungira katundu muli makompyuta akale omwe sukulu inalandira ngati mphatso, ataunjikidwa pakona, aliyense akuti ndi akufa. Ena mwa iwo adzakhala akufadi. Koma musanavomereze, komanso musanapemphe aphunzitsi aakulu ndalama, tengani sikuludilaiva mutsegule limodzi. Onani ngati kumbuyo kuli bowo la Ethernet, ndipo muliyese ndi chingwe chomwe mwachiyesa kale pa makina ena. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Onani mipata ya mkati, muijambule, chithunzicho mupite nacho kwa wogulitsa. Onani Windows yomwe ilimo musanagule chilichonse, ndipo yang'anani tsiku pakona ya galasi. Akakufunsani funso lomwe simukulidziwa, nenani kuti simukudziwa. Mawu amenewo ndi aulere.

Athu aja sanali aulere. Ndalama yomwe inatsala inagula feteleza wosakwanira munda wonse, ndipo amayi anasiya mizere ya kumapeto, ya kufupi ndi mtengo wa mango, yosathira. Tinapita kunyumba mu Malichi. Mchemwali wathu anali pabalaza akuyankha mafunso a Biology, fani ikulira, ababa akudikira kuti amalize alembe mayeso awo. Amayi anatitengera kumunda. Chimanga chinali chobiriwira, chotalika kutiposa, kufikira pomwe panayambira mizere ija. Kumeneko chinali chachikasu, chofika m'chifuwa, zisononkho zake zazing'ono.

"Iyi ndiye mizere ya Express," anatero. "Pokolola mudzabwere, imeneyi ndi yanu."

Tinavomera.